Agogo Anapita Kunkhondo, Koma Anamenyera Kuti?

M'sukulu zathu, mphunzitsi akafika pa mutu wa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, amayamba ndi Hitler ndi kulowa kwake m'dziko la Poland mu 1939, nadzera ku Pearl Harbor, namalizira pa bomba la ku Hiroshima mu 1945. Ana amalemba zonsezi m'makope, ena nakhoza nazo mayeso. Koma mwana yemweyo akaweruka nabwerera kwawo kwa Kaomba, mwina amagona m'nyumba momwe muli kachitini kakale kosungiramo mendulo ziwiri kapena zitatu za agogo a bambo ake, ndipo mukamufunsa za mendulozo amangoti, "Anapita kunkhondo." Mukafunsanso kuti anamenyera kuti, nanga ankamenyana ndi yani, nkhani imathera pomwepo. Wolimba mtima amayankha kuti ankamenyana ndi Hitler.

Ife tikuti yankho limeneli n'loperewera, ndiponso n'losokeretsa. Amuna oposa 25,000 a dziko lino, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, analowa usilikali pa nkhondo ija, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, limene makolo ankangoti Keyala. Mabataliyoni awo sanapite ku Ulaya kukaonana ndi Ajeremani. Anamenyana ndi Mataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia, anamenyana ndi Afalansa pa chilumba cha Madagascar, ndipo anamenyana ndi Ajapani ku Burma. Kulikonseko mdani anali wina, nyengo ina, ndi imfa ya mtundu wina. Amuna awiri a mudzi umodzi, olembedwa usilikali mwezi umodzi ku Zomba, ankatha kubwera ndi nkhani zosiyana kotero kuti womvera akadaganiza kuti mmodzi wa iwo akunama. Mganda umene timavina kuno, ndi kuguba kwake ndi malaya ake oyera, unasunga mayendedwe a pa perete. Koma maina a maiko amene anthuwo anakafikako sunawasunge. Tsono tiyeni tiwatsate.

Oyamba kulawa zowawa anali a mu 1940. Italy inalowa nkhondo pa 10 Juni chaka chimenecho, ndipo mu Julayi kagulu ka Bataliyoni Yoyamba ya ku Nyasaland kanazingidwa pa linga la Moyale, m'malire a Kenya ndi Abyssinia. Atawombedwa ndi mizinga kwa masiku angapo, anatuluka usiku mozemba, nasiya lingalo. Mwezi wotsatira Bataliyoni Yachiwiri inali ku British Somaliland pamene Mataliyana analowa ndi khamu lochuluka kangapo kuposa oteteza dzikolo. Pa mpata wa Tug Argan, kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Ogasiti, asilikali athu pamodzi ndi anansi awo a Northern Rhodesia Regiment ndi ena a ku India anayesa kutseka njira. Sizinatheke. Analamulidwa kubwerera ku doko la Berbera, nakwezedwa m'zombo kupita ku Aden.

Munthu wa ku Kasungu kutentha amakudziwa. Dzuwa la mu Okutobala, pamene tikuthirira nazale za fodya, silisewera. Komatu kwathu kuno, ngakhale kutenthe motani, munthu amadziwa kuti ku dambo kuli chitsime, ndipo pa njira pali mtengo wa msuku wopumirapo. Ku Somaliland kunali miyala, minga ndi mitsinje ya mchenga wokhawokha. Madzi ankabwera ochita kuyeza, a m'botolo limodzi akumwa ndi kusukusula komwe. Mdani ankaoneka ali patali, fumbi la malole ake likukwera, ndipo msilikali wogona pa kaphiri kopanda mthunzi ankangodikira mizinga ndi ndege. Amuna amenewa sitiwatchula kawirikawiri, pajatu nkhani ya kubwerera m'mbuyo siikoma pa bwalo. Koma wodziwa za usilikali angakuuzeni kuti kubwerera mwa dongosolo, mdani ali pa msana, popanda kutaya mfuti ndi kubalalika, n'kovuta kuposa kuthamangira kutsogolo pamene zinthu zikuyenda bwino.

Chaka cha 1941 zinthu zinatembenuka. Gulu lalikulu lotsogozedwa ndi General Alan Cunningham, momwe munali asilikali a kum'mawa kwa Africa, a ku Nigeria, a ku Gold Coast ndi a ku South Africa, linanyamuka ku Kenya, linawoloka mtsinje wa Juba, linalanda Mogadishu pa 25 Febuluwale, ndipo pa 6 Epulo linalowa mu Addis Ababa, litayenda makilomita oposa 2,500 m'miyezi yosakwana itatu. Iyi inali nkhondo ya pa malole. Msilikali ankagona pano lero, mawa n'kudzagona kutali koposa mtunda wa pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, ndipo nthawi zambiri ankapeza mdani atathawa kale, kapena ataima m'mizere kudikira womugwira ukaidi. Mfumu Haile Selassie inabwerera mu mzinda wake pa 5 Meyi. Koma asanapume, mvula inayamba, misewu inasanduka matope, ndipo Mataliyana otsala anakwera m'mapiri. Pa Gondar, pamwamba pa mapiri opitirira mamita 2,000, pomwe kuzizira kwake kungakumbutse munthu za Dedza mu Juni, anakana kugonja mpaka pa 27 Novembala 1941, ndipo asilikali a ku Nyasaland analipo pa kumenyana komalizako. Choncho munthu mmodzi ankatha kupsa ndi dzuwa la m'chipululu kumayambiriro a chaka, nadzanjenjemera ndi chisanu kumapeto ake.

Pali chinthu china chimene aphunzitsi ayenera kuchinena mosabisa. Tikati "Mataliyana," tisaganize kuti onse anali azungu a ku Rome. Ambiri mwa asilikali a Italy m'maiko amenewa anali anthu akuda a ku Eritrea, Somalia ndi Abyssinia momwemo, olembedwa usilikali monga momwe analembedwera athu. Mnyamata wa ku Kasungu akaloza mfuti yake, kawirikawiri ankaloza mnyamata mnzake wa mu Africa, wovala yunifolomu ya mtsamunda wina.

Ku Madagascar zinalinso chimodzimodzi. Chilumbachi chinali m'manja mwa Afalansa a boma la Vichy, limene linkagwirizana ndi Germany, ndipo Angerezi ankaopa kuti Ajapani angakhazikepo sitima zawo zoyenda pansi pa madzi ndi kutseka njira ya zombo. Mwa asilikali pafupifupi 8,000 olondera chilumbacho, ochuluka anali eni dziko a ku Madagascar, ena a ku Senegal. Bataliyoni Yoyamba, yomwe ija ya pa Moyale, inali m'gulu limene linatsikira pa doko la Majunga pa 10 Sepitembala 1942 ndi kulowa mu likulu la Tananarive pa 23 mwezi womwewo. Afalansa sankaima nthawi yaitali kuti amenyane. Ankagumula milatho, kugwetsa mitengo ndi kuunjika miyala pa msewu, n'kumabwerera chakum'mwera, mpaka anagonja kumayambiriro a Novembala. Amene anali kumeneko ankagwira nkhwangwa ndi fosholo nthawi zambiri kuposa mfuti, ndipo malungo anagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Sitinganene kuti kunali kosavuta, poti amene anafera pa mlatho wina wa ku Madagascar anafa ndithu. Koma poyerekeza ndi zimene zinali kudza, kumeneku kunali kopepukirapo.

Zimene zinali kudzazo zinayambira pa nyanja. Mu 1943 gulu lotchedwa 11th East African Division linatumizidwa ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo ya m'nkhalango. Taganizani munthu amene madzi aakulu amene anawaonapo ndi a mtsinje wa Bua kapena Dwangwa utasefukira, tsopano ali m'mimba mwa chombo kwa masiku ambiri, osaona mtunda, nauzidwa kuti pansi pa madziwo pali mdani wosaoneka. Mantha amenewo sanali opanda pake. Pa 12 Febuluwale 1944 sitima yotchedwa Khedive Ismail, imene inanyamula asilikali a mizinga a kum'mawa kwa Africa kuchokera ku Mombasa, inaphulitsidwa ndi Ajapani pafupi ndi zilumba za Maldives. Inamira m'mphindi zochepa, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anathera pomwepo, asanaone n'komwe nkhope ya mdani.

Tsono Burma. Ajapani atalephera pa Imphal ndi Kohima pakati pa chaka cha 1944, General William Slim anaganiza zowathamangitsa osadikira kuti mvula ithe, chinthu chimene akatswiri a nkhondo ankachiyesa chosatheka. Ntchito yotsika m'chigwa cha Kabaw inapatsidwa kwa asilikali a kum'mawa kwa Africa, ndipo pakati pawo panali mabataliyoni a ku Nyasaland, kuphatikizapo Yachiwiri ija imene inathawitsidwa ku Berbera zaka zinayi m'mbuyomo. Analowa m'chigwacho mu Ogasiti 1944. Asilikali ankachitcha chigwa cha imfa, ndipo dzinalo chinalipeza chisanaone nkhondo, chifukwa cha matenda ake.

Mvula ya kumeneko si mvumbi wathu wa mu Febuluwale umene umatisowetsa pouma fodya kwa masiku atatu. Imagwa miyezi, usana ndi usiku, kotero kuti malaya ankawolera pa thupi, nsapato zinkang'ambika, ndi mapazi ankatupa ndi zilonda. Misewu inatha, malole anatitimira, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa ndi ndege kuchokera m'mwamba; mitambo ikatseka, ndege osabwera, chakudya chinkachepetsedwa. M'madzi ndi m'masamba munali misundu, m'udzu munali tizilombo tosaoneka bwino topatsa matenda oopsa a typhus, ndipo udzudzu unali ponseponse. Slim mwini wake analemba kuti mu 1943, pa msilikali mmodzi wochotsedwa ku nkhondo chifukwa chovulala, panali 120 ochotsedwa chifukwa chodwala. Pofuna kuthana ndi zimenezi, msilikali aliyense ankamwa piritsi la mepacrine tsiku ndi tsiku mkulu wake akuyang'ana, ndipo mkulu wa gulu limene linkanyalanyaza lamuloli ankachotsedwa pa udindo. Ndege zinawazanso mankhwala a DDT m'chigwamo.

Mdani nayenso anali wa mtundu wina. Ku Somaliland ankaoneka ali kutali. Ku Kabaw munthu ankatha kuponda pa mutu pake asanamuone. Ajapani ankakumba maenje okutidwa ndi zipika ndi dothi pa zitunda, obisika bwino, ndipo ngakhale anali ofooka ndi njala ndi matenda, kugonja sankakudziwa. Amene anazolowera ku Abyssinia kuona adani mazanamazana akukweza manja anapeza kuti kuno dzenje lililonse liyenera kulandidwa palokha, pafupi, ndi mabomba a pamanja ndi mpeni wa kumfuti. Usiku unali woopsa kuposa usana. Aka kanalinso koyamba kuti asilikali athu alimbane ndi eni ake a nkhondo okhaokha, osati anthu a m'maiko olamulidwa ongotumidwa ngati iwo.

Koma si zonse zinali zoopsa zokhazokha. Ife a kuno njovu timaidziwa ngati mdani wa m'munda. Funsani okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu, amene chimanga cha chaka chonse chimatha usiku umodzi. Ku Kabaw asilikali anaona njovu ili ndi munthu pa khosi, ikunyamula zipika ndi kuziyala bwinobwino pa mtsinje kuti pakhale mlatho. Amene anadzafotokoza zimenezi kumudzi ayenera kuti anasekedwa, komatu ankanena zoona. Kumayambiriro a Disembala 1944 gululi linafika pa Kalewa, m'mphepete mwa mtsinje wa Chindwin, ndipo posakhalitsa pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wotalika mamita oposa 300, umene magulu ena anawolokerapo kulowa pakati pa Burma. Bataliyoni Yoyamba nayo inafika m'dzikomo, chakugombe la Arakan. Mwa njira imeneyi munapezeka amuna ena amene anaona chipululu, mapiri, chilumba ndi nkhalango, zonse pa nkhondo imodzi.

Tisaiwale amene sanawombe mfuti n'kamodzi komwe: oyendetsa malole, othandiza m'zipatala, alembi, ophika, ndi olondera akaidi a nkhondo. Ena a iwo anabwera akudziwa kuyendetsa galimoto kapena kuwerenga, ndipo nkhondo inawasiyira ntchito ya moyo wonse, pamene mnzawo wa ku Kabaw inamusiyira malungo obwerezabwereza ndi kubwebweta usiku. Kodi wamkulu ndani pa awiriwa? Ife sitifuna kuwaika pa sikelo. Palibe amene anasankha kopita. Anapita kumene nambala yake inatumizidwa.

Ngati malo anawasiyanitsa chotere, nanga chinawafananitsa nchiyani? Choyamba ndi chinenero. Pamene mabataliyoni a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankalamulidwa m'Chiswahili, a ku Nyasaland ankalamulidwa m'Chinyanja, ndipo mkulu wa asilikali wochokera ku Britain ankayenera kuchiphunzira. Chinenero chimene mukuwerengachi chinamveka pa Tug Argan, pa Gondar ndi m'mphepete mwa Chindwin. Chachiwiri n'chowawa. Kaya munthu anali wolimba mtima motani, kaya anatumikira zaka zingati, khungu lake linali ndi malire amene sakanawadumpha: udindo wa ofesala mu Keyala unali wa mzungu, ndipo sajeni wa imvi ankachitira sawasha mnyamata wongotsika kumene m'chombo. Chikwapu, chimene gulu la nkhondo la Britain linachiletsa kwa asilikali ake mu 1881, chinkaloledwabe pa asilikali akuda a kum'mawa kwa Africa mpaka 1946.

Ndipo pa tsiku lomasulidwa, kusiyanako kunalembedwa m'ndalama. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaziulula mu 2019 zinaonetsa kuti ndalama yothokozera inkawerengedwa pa mwezi uliwonse umene munthu anatumikira, motere: msilikali wamba wachizungu masheleni 10, Mmwenye masheleni 7 ndi theka, munthu wakuda masheleni 3 ndi theka. Ana a sukulu angawerengere okha. Wotumikira zaka zinayi, ndiyo miyezi 48, ngati anali mzungu analandira mapaundi 24. Ngati anali wa kwa Kaomba analandira mapaundi 8 ndi masheleni 8. Udzudzu wa ku Kabaw sunafunse za khungu poluma, koma wolemba malipiro anafunsa. Ndipo pa malipiropo panalibe kusiyanitsa kuti uyu anali ku Burma, uyu anali ku Mombasa. Chimene chinawerengedwa ndi mtundu wa munthu, osati zimene anaona.

Nchifukwa chake tikuti mawu akuti "anapita kunkhondo" akubwereza, mosadziwa, cholakwa chomwecho cha wolemba malipiro uja, chowaunjika onse pa mulu umodzi ngati fodya wosasankha. Mlimi wa kuno sangatumize belo ku Chinkhoma asanasankhe tsamba ndi tsamba. Nthawi yofunsa eni ake yatsala pang'ono kutheratu, pakuti mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anabadwa mu 1927. Koma ana awo alipo, amene anamva nkhanizi pa moto, ndipo kachitini kaja kalipo.

Inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza sukulu mukudikira zotsatira, mendulo zimawerengeka ngati buku. Za nkhondo imeneyi zina n'zooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo dzina lake linalembedwa kumaso kwake. Yolembedwa kuti Africa Star, ya kansalu kofiirira ngati mchenga kokhala ndi mzere wofiira pakati, ikutanthauza kuti mwini wake anali ku Somaliland, ku Abyssinia kapena kumpoto kwa Africa. Yolembedwa kuti Burma Star, ya kansalu kobiriwira modera ngati thambo la usiku, kofiira pakati ndi timizere ta mtundu wa lalanje, ndi ya amene anafika ku Burma. Wa ku Madagascar sanapatsidwe Africa Star pa ulendo umenewo. Yake ndi 1939–1945 Star, imene enanso ambiri anailandira, choncho pamenepo muyenera kufunsa. Mukapeza mendulo yozungulira yokhala ndi kachitsulo kolembedwa kuti Malaya, dziwani kuti imeneyo ndi nkhondo ina, ya m'zaka za 1952 mpaka 1954, pamene mabataliyoni athu awiri anatumizidwa kumeneko mosinthana. Ndipo nkhani zikamatchula a tengatenga, Karonga kapena chiwaya, mwabwerera ku nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918. Nkhondo zitatuzi zimasokonezeka m'mabanja ambiri.

Nyenyezi zija kawirikawiri zilibe dzina la mwini wake, choncho funafunani kabuku kapena chikalata chomasulira msilikali, ndipo mukopere nambala yake mosamala. Manambala ambiri a asilikali a ku Nyasaland ankayamba ndi malemba akuti DN. Kwa amene sanabwerere, nambalayo ndiyo imathandiza, chifukwa maina analembedwa monga anamvera mlembi. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lili ndi mndandanda wa omwalira pa intaneti, ndipo pa chipilala cha chikumbutso cha ku Taukkyan, pafupi ndi mzinda wa Yangon, panalembedwa maina pafupifupi 27,000 a amene manda awo sadziwika, pakati pawo a asilikali a mu Africa. Mendulozo musazichotse pa khomo pawo, ndipo musazipukute ndi mchenga. Jambulani pa pepala, mulembe zimene zalembedwapo, muzibweze kwa eni ake.

Pofunsa achikulire, musayambe ndi zaka kapena maina a akuluakulu a nkhondo, poti zimenezo sanazisunge. Funsani ngati malemuwo ankadandaula za ludzu kapena za mvula, ngati ankanena za kuzizira, za njovu zogwira ntchito, za chakudya chogwa kuchokera m'ndege. Funsani kuti anakwera chombo kangati, nanga anatsikira pa doko liti, kaya Berbera, Majunga kapena Colombo. Dzina la dokolo likatuluka, ngakhale litapindika m'kamwa mwa agogo, mulilembe momwe mwalimvera osalikonza. Pa mapu mukayang'ane pambuyo pake.